Mabuku Anayi pa Ilala

Lachinayi, Monkey Bay

Ndafika dzuwa litapendeka, msana uli gwa, nsapato zili mbuu. M'mawa mayi a kunyumba amandiseka pomwe ndimalongedza: malaya atatu, mabuku anayi. Akuti anzanga akamapita kunyanja amanyamula thawulo, ine ndasenza laibulale. Sindinawayankhe chifukwa thawulolo ndinaliiwaladi, ndachita kugula lina pa Mangochi.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa Chichewa ku sekondale. Chaka chonse mabuku omwe ndimagwira ndi a silabasi okhaokha, omwewo omwewo, mpaka ena ndingathe kuwalakatula ndili m'tulo. Tchuthi chino ndati ndikwere Ilala mpaka ku Likoma, ndiwerenge zomwe mtima ukufuna, popanda choko m'manja, popanda mwana wondifunsa kuti, "Aphunzitsi, zimenezi zibwera pamayeso?" M'chikwama muli Nthondo la Samuel Josia Ntara, lomwe ndinaliwerenga komaliza ndili mnyamata. Muli Chipasupasu, buku la Chinua Achebe lomwe a Benedicto Wokomaatani Malunga analimasulira m'Chichewa. Muli ndakatulo za a Jack Mapanje. Ndiye pali kena katsopano, ka chikuto chonyezimira, komwe ndinagula sabata yatha kwa mnyamata woyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe. Kameneka sinditchula dzina lake, ngakhale la mlembi wake. Dziko lino ndi laling'ono, mwina ndi mphwake wa mnzanga.

Ndinayamba ndi komweko basi isanatuluke n'komwe mu Limbe, ndipo pofika pa Liwonde n'kuti nditakamaliza. Masamba makumi anayi oyambirira anandigwira mtima, ndisaname. Mtsikana wachoka kumudzi, wafikira kwa azakhali ake ku Ndirande, ndipo mlembiyu tauni akuidziwa. Akudziwa kagogodedwe ka alandilodi mwezi ukatha, akudziwa mkangano wa pamzere wa pampopi, akudziwa mafuta a pachiwaya momwe amanunkhira madzulo munthu ulibe ndalama. Anthu ake amayankhula monga anthu amayankhuliradi. Ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anasuzumira kuti aone chomwe chikundikomera.

Kenaka kunatulukira bambo wa galimoto yakuda, ine n'kungodziwa kuti basi, mwanayu wafa. Anafadi. Foni yodula, mimba, matenda, bokosi. Tsamba lomaliza mlembi wavala mkanjo, wakwera pagome, akulangiza atsikana a m'Malawi muno kuti azikhutira ndi zomwe ali nazo. Bambo wa galimoto uja ngakhale mutu sunamupweteke.

Imfa ya mtsikanayo payokha sinandikwiyitse. Anthu amafa, m'mabuku ndi kunja kuno. Koma uyu sanafe ndi matenda, anaphedwa ndi mlembi wake kuti phunziro lipezeke, ngati nkhuku yophera alendo. Munthu wodziwa kulemba chonchija n'kumaopa kuti owerenga akasiyidwa okha asokera!

Padoko pano ndi pomwe pagona Chauncy Maples, sitima yakale ya amishoni a Anglican yomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1901. Ilala ili chapafupi, yoyera, anyamata akukwezamo katundu mpaka usiku uno. Ndadya chambo chimodzi chodula ngati mbuzi, ndikukagona.

Lachisanu, pamadzi

Ukaiona patali Ilala imaoneka yaing'ono, mamita 52 okha m'litali, koma zomwe imameza m'mimba mwake! Matumba a chimanga, simenti, malata, makreti a zakumwa, njinga zamoto, nkhuku zomanga miyendo, bedi lathunthu ndi matiresi ake. Anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu msewu wawo ndi womwewu. Inakonzedwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo yakhala ikuyenda kuyambira 1951. Ndi yaikulu kwa amayi anga.

Ndadula tikiti ya pamwamba, pomwe umabwereka matiresi n'kugona pamtetete. Koma masana ndinatsikira pansi kukadya nsima ya nyemba, buku lili m'khwapa, ndipo kumeneko n'kumene ndakumana ndi achikulire ena a chipewa cha ubweya, ndodo ili pakati pa mawondo. Akuchokera kwa mwana wawo ku Mangochi, akupita kwa wina ku Nkhotakota. Akuti msewu umawaswa m'chiuno. Anayang'anitsitsa chikuto cha buku langa, n'kufunsa kuti, "Kodi bambo, Nthondo akadali moyo?"

Ndinawapatsa. Analigwira ndi manja awiri ngati alandira mwana wakhanda. Anaphunzira pasukulu ina ya kudera la Dowa yomwe inali m'manja mwa mishoni ya Nkhoma, ndipo bukuli mphunzitsi ankawawerengera Lachisanu lililonse, ana atakhala pansi. Maso awo tsopano sathanso kuona zilembo, ndiye anati ndiwawerengere pang'ono. Ndinawerenga, injini ikugunda pansi pa mapazi athu, ndipo posakhalitsa anthu ena asanu anasendera pafupi.

Apa mpomwe ndazindikira chinthu chomwe ndinachiphonya ndili mnyamata. Ntara ankalembera khutu. Ukamawerenga chamumtima Chichewa chake chimaoneka chachikale, kalembedwe ka mawu kosiyana ndi ka lero, ziganizo zazitali zolumikiza ndi "ndipo". Ukangotulutsa mawu, zonse zimakhala pamalo pake, ukumva munthu wamkulu akusimba nkhani pabwalo. Bukuli linatuluka mu 1933 litapambana pampikisano wa zolemba za m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi. Ntara anali mphunzitsi wa ku Nkhoma, asanakwanitse ndi zaka 30 zomwe. Mudzi wa Achewa anauika papepala wonse: kubadwa kwa mwana, miyambo, milandu, mantha a ufiti. Ndipo Nthondo wachinyamata, wosamva uja, wakuba, wabodza losaphethira nalo, ndi munthu wamoyo kuposa ampangankhani ambiri omwe ndimaphunzitsa. Anthu aja amaseka, mayi wina mpaka anati, "Ameneyu ndi mwana wa achimwene anga ndithu."

Nditatseka buku ndinalakwitsa, ndinanena maganizo anga. Ndinati nkhaniyi imakoma pomwe Nthondo ali wopulupudza, koma akangolowa ufumu n'kutembenuka mtima kukhala Mkhristu, moto umazima, ndipo mlembi amachita ngati akuthamangira kukatseka khola mvula ikubwera. Ndinawonjeza kuti matenda a kabuku kanga konyezimira kaja anayambira pomwepa: nthano zathu zolembedwa zinabadwira kumishoni, zinakulira m'kalasi, n'chifukwa chake mpaka lero sizitha kutsanzika popanda ulaliki.

Achikulire aja anakhala chete kanthawi, akusisita ndodo. Kenaka anati, "Aphunzitsi, inu mukanakhala wantchito wa mishoni, makina osindikizira ali a mishoni, mukanalemba kuti Nthondo anafa ali kudambwe?"

Ndinavomera kuti pamenepo anena zoona, ndipo ndimaganiza kuti tagwirizana. Ayi ndithu. Anati, "Komatu musaganize kuti Ntara ankanamiza azungu. Zinkachitika. Bambo anga anali munthu wa gule, wodziwika dera lonse. Chaka china anangobwera kunyumba n'kunena kuti ayamba kalasi. Dzinja limodzi lokha, munthu anasintha, mowa analeka, gule analeka, mpaka anafa ali mkulu wa mpingo. Inu mukuti mlembi anathamanga. Nanga ngati moyo weniweniwo unkathamanga?"

Ndinayesa kunena kuti chomwe ndikufuna n'kuona zomwe munthuyo anataya, anzake omwe anawasiya, usiku womwe sanagone. Iwo anangoseka. "Inu ana a lero mumafuna nkhani ithere m'malere ngati mlandu wa kukhoti. Ife nthano ikatha timafuna tidziwe kuti kalulu wagwidwa kapena ayi."

Madzulo ano mwera wayamba. Mafunde akumenya m'mbali, ndipo omwe amaseka masana aja ambiri agona chafufumimba. Ndikulemba izi nditatsamira chitsulo, zilembo zikupita uku ndi uku.

Loweruka, Likoma

Usiku wathawu sindikufuna kuukumbukira. Nyemba zija ndinazibweza kunyanja, ndipo ndinalumbira kuti pobwerera ndidzakwera ndege ngakhale ndigulitse njinga.

Pa Nkhotakota tinaima kuli mdima. Sitima imaponya nangula patali, anthu n'kumatsikira m'maboti, katundu akuperekedwa pamwamba pa mitu, makanda akulandiridwa ngati mitolo. Ndinatsika kukawasaka achikulire aja kuti ndiwatsanzike, koma ndinangoona chipewa chawo chili kale m'boti, tochi ya wina itachiwalira kamodzi. Gombe limeneli ndi lomwe Jumbe ankawolotserapo akapolo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa, ndipo bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira panyanjayi mu 1895, anaikidwa pomwepa. Ine zonsezi ndimaziganiza ndili gwiritsitse chitsulo, m'kamwa muli zii.

Kutacha nyanja inagona ngati si yomwe ija. Kutali kumaoneka nkhungu zikukwera ngati utsi wa lupsa pamwamba pa madzi. Ndinamwa tiyi wopanda mkaka n'kutsegula ndakatulo.

A Mapanje ndi mwana wa kunyanja kuno, kwawo ndi m'boma la Mangochi. Buku lawo loyamba, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981. Mu Seputembala 1987, ali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College, anawamanga n'kukawatsekera ku Mikuyu popanda mlandu wozengedwa, mpaka Meyi 1991. Dzana podutsa pa Zomba ndinayang'ana kumunsi kuja kolowera ku Chilwa, komwe kuli ndendeyo, anthu m'basi ali kalikiliki kugula mbatatesi ndi nthochi pawindo.

Ndakatulozi ndi za m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi athu. Wina aliyense amene anamvapo nyimbo za pamtondo adziwa zomwe zikuchitika: mayi akusinja, akuimba za khoswe wotha chimanga m'nkhokwe, apongozi ali pakhonde akumva bwinobwino koma sangamugwire pakamwa, chifukwa wanena khoswe. Muli ndakatulo ina momwe nkhuku zikufunsa mbuye wawo kuti, iye amene kale ankaziteteza kwa kabawi, bwanji lero akuzinolera mpeni. Palibe dzina la munthu, palibe dzina la chipani. Koma m'masiku amenewo, pomwe bungwe lounika mabuku linkanunkhiza tsamba lililonse, aliyense ankadziwa mwini khola. Bilimankhwe wa pamutu wa bukuli ndi mlakatuli mwini wake, wosintha maanga kuti adutse pakati pa adani, woyenda mwakachetechete koma diso likuzungulira.

Sikuti zonse zandikomera. Zina zatsekedwa kwambiri, zodzaza nthabwala za anthu a pakoleji a nthawi imeneyo, ndipo mwana wobadwa m'ma 2000 sangazilowe popanda womugwira dzanja. Ina ndaiwerenga katatu n'kuisiya. Koma ngakhale yomwe sindinaimvetse siinandinyoze. Inandiyesa munthu wamkulu woti ndingathe kumasula ndekha mfundo.

Ndikayerekeza ndi ndakatulo zambiri zomwe timamva pawailesi ndi pamisonkhano masiku ano, mtima umandiwawa pang'ono. Alakatuli aluso alipo, ena mawu awo amachita kukuimitsa tsitsi. Koma ochuluka amangofuula mitu ya nkhani: katangale ndi woipa, mitengo tibzale, mtsikana apite kusukulu, mzere uliwonse kuthera ndi mawu ofanana mamvekedwe, kenaka m'manja. Zoona zokhazokha, koma ukazimva kamodzi watha nazo, ngati nzimbe yotafuna kale. Sindikunena kuti mantha abwerere kuti ndakatulo zikome, Mulungu atithandize, ndani angafune Mikuyu ina? Ndikungodabwa kuti pomwe pakamwa panatseguka, zining'a tinazitaya ngati zinali unyolo.

Tafika Likoma madzulo. Milambe paliponse, miyala, nthaka youma, ndipo mapiri a Mozambique ali pafupi kwambiri moti ukhoza kuganiza kuti ungakuwe munthu n'kukuyankha. Ndapeza chipinda kwa mayi ena pafupi ndi msika wa Mbamba. Pansi pakuyendabe ngati ndikadali m'sitima.

Lamulungu, Likoma

Ndinapita ku tchalitchi cha St Peter's, ngakhale ine si wa Anglican. Zithunzi sizikuuza zoona. Umayenda m'kanjira ka fumbi, mbuzi zikudutsa, kenaka n'kungoti ba! chinyumba cha miyala ndi njerwa chotalika ngati chatsika kumwamba, pachilumba chomwe munthu wamphamvu angachiyende kuchoka nsonga ina kufika ina tsiku limodzi. Anayamba kumanga mu 1903, n'kuchipatula mu 1911. Amishoni a Anglican, a bungwe la UMCA, anakhazikika pano mu 1885. Mkatimo muli mtanda waung'ono womwe amati unasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, pomwe anakwirira mtima wa David Livingstone mu 1873. Dera limenelo ndi la Ilala, ku Zambia, komwe sitima yathu inatenga dzina.

Mapemphero anatalika, koma kuimba kwake sungatope nako. Chinyanja cha kuno chili ndi kakomedwe kake, mawu ena ndimachita kutchera khutu kawiri.

Titatuluka ndinakhala pamthunzi n'kupitiriza Chipasupasu, chomwe ndinachiyamba usiku. Bukuli m'Chingerezi ndinaliwerenga kalekale, linatuluka mu 1958, ndipo ndinkaganiza kuti ndimalidziwa. M'Chichewa lasanduka lina. Akuluakulu a ku Umuofia, kwawo kwa mpangankhani Okonkwo, akamaponyerana miyambi, m'Chingerezi ndinkaona ngati zokongoletsa, ngati mikanda yoonetsa alendo. M'chiyankhulo chathu ndi mayankhulidwe wamba a anthu aulemu omwe safuna kulasa nkhani pamutu. Unoka, bambo wa Okonkwo, waulesi wokonda chitoliro ndi ngongole uja, ndamuona bwinobwino: m'mudzi mwathu analipo, ankaimba bangwe, ndipo anamwalira ali ndi ngongole ya agogo anga.

Tsono tamverani izi. Ndinafika pomwe amishoni afika ku Mbanta n'kupempha malo omangapo tchalitchi. Akuluakulu a mudzi, pofuna kuwathetsa, akuwapatsa nkhalango yoopsa, yotayako mapasa ndi anthu ofa ndi matenda oipa, poganiza kuti pakatha masiku ochepa mizimu iwamaliza. Masiku akutha, palibe wafa, ndipo anthu ayamba kuwoloka mmodzimmodzi. Ndikuwerenga zimenezi ndinakweza maso. Malo omwe ndinakhalawa dzina lake ndi Chipyela, chifukwa ndi pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Tchalitchi chachikuluchi chinamangidwa pamalo omwe anthu ankawaopa. Thupi linachita tsembwe. Nigeria ili kutali, Achebe ankalemba za Aigbo osati za Anyanja, koma ndinali nditakhala pakati pa tsamba lomwe ndimawerenga.

Ndipo apa mpomwe Achebe wandigonjetsera. Iye anali mwana wa mphunzitsi wa mishoni, anakulira m'tchalitchi ngati Ntara. Akanatha kulemba kuti kuwala kunafika, mdima n'kuthawa. Akanathanso kulemba kuti makolo anali angelo, azungu n'kudzaononga. Sanasankhe chilichonse mwa ziwirizi. Nwoye, mwana wa Okonkwo, akamapita kwa amishoni, ukumvetsa chifukwa chake: mnyamatayu anamvapo mapasa akulira m'tchire, ndipo mnzake wapamtima anaphedwa ndi bambo ake omwe. Okonkwo akamalira kuti mudzi wagawika, ukumvetsanso. Onse awiri akunena zoona, ndipo mlembi sabwera kudzakugwira phewa kuti uime mbali iti.

Ndikanakonda achikulire a chipewa aja akanakhala pano. Izi n'zomwe ndimalephera kuwafotokozera pansi pa sitima paja.

Lolemba, Likoma

Lero sindinayende kwambiri. M'mawa ndinapita kugombe kukaona asodzi akutsitsa usipa n'kumauyanika pathandala. Usiku nyali zawo zimandandalika panyanja ngati mudzi wina wayandama. Mmodzi anandifunsa ngati ndabwera ndi bungwe, poti munthu wongokhala ndi buku pamchenga ayenera kuti akulemba lipoti.

Nkhani ya lero ndi mayi mwini nyumba. Kwawo ndi ku Ntchisi, anakwatiwa kuno zaka zambiri zapitazo, ndipo kondowole amaphika ngati anabadwira pompano. Madzulo akuvundula anandifunsa chomwe chandimanga m'bukumo masiku awiri. Ndinati ndiwawerengere. Ndinasankha pomwe Ikemefuna, mnyamata wogwidwa kumudzi wina yemwe wakhala zaka zitatu m'nyumba ya Okonkwo, akumutengera kutchire atamunamiza kuti akubwerera kwawo.

Mthiko unaima. "Anamutema yekha? Mwana womutchula kuti bambo?"

Ndinati eya, ngakhale mkulu wina anali atamuchenjeza kuti asaikepo dzanja.

"Ameneyo ndi wamantha," anatero, n'kuyambanso kuvundula mwamphamvu. "Amuna oterowo ndimawadziwa. Amamenya akazi kuti anzawo asawaseke."

Ine zaka zonsezi ndimalembetsa ana manotsi a khalidwe la mpangankhani, mfundo zisanu, malikisi khumi. Mayiwa anamutsiriza Okonkwo ndi mawu atatu, m'manja muli mthiko.

Pomwe anaseka mpaka kupukuta misozi ndi pomwe ndinawauza kuti Okonkwo, atapha munthu mwangozi, anamulamula kukakhala zaka zisanu ndi ziwiri kwawo kwa mayi ake, ndipo iye anaona ngati moyo wake watha. "Chilango chake n'chimenecho? Kupita kwa amalume? Kwathu kumeneko ndiye kwanu!" Zoonadi, Aigbo amatsata kuchimuna, ndipo Mchewa akamawerenga gawo limeneli amayenera kutembenuza mutu kuti amve ululu wake. M'Chingerezi sindinaziganizepo. Mawu oti malume atangolowa m'nkhani, mbumba yonse ya kwathu inalowa nawo.

Anafuna kudziwa mathero. Ndinawauza kuti Okonkwo akudzimangirira, anthu a mtundu wake sangathe ngakhale kutsitsa mtembo wake, ndipo bwanamkubwa wachizungu akuchoka pamalopo akuganiza kuti nkhani ya munthuyu ingakwane ndime imodzi m'buku lomwe akulemba.

"Basi?"

"Basi, mayi."

"Ndiye akutiphunzitsa chiyani?"

Ndinati sindikudziwa. Anapukusa mutu, akuti mabuku ena ndi ongotayitsa nthawi. Koma tikudya anaibweretsanso nkhaniyo, akuti mkazi wamkulu wa Okonkwo akanamuthawitsa mwana uja usiku. Potsuka mbale anaibweretsanso, akuti koma mwina Nwoye naye anachita mopupuluma kusiya mayi ake. Ndikulemba pano ndikuwamva kuseri akuwafotokozera aneba, ndipo Ikemefuna wasanduka "mwana wamasiye uja".

Lachiwiri, pagombe, kudikira sitima

Kabuku konyezimira kaja ndinamubwereka mdzukulu wa mayi mwini nyumba Loweruka, mtsikana yemwe akulowa Fomu 4 sukulu zikatsegulira. Ndinamupatsa ngati munthu wotaya chinthu. Lero m'mawa wabwera nako, maso ali psuu. Wawerenga kawiri. Akuti analira.

Ndinamufunsa chomwe chamukomera, ndipo yankho linatuluka lokha ngati wadina batani: "Nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti tisamakonde ndalama." Mawu ake enieniwo, kaimidwe kake komwe, manja kumbuyo. Ndinamva manyazi, chifukwa chiganizo chimenechi ndi changa. Sindinamuphunzitsepo mwanayu, koma ndi ife aphunzitsi amene timafunsa chaka ndi chaka kuti "Tchulani maphunziro awiri opezeka m'nkhaniyi." Mlembi amene akufuna kuti buku lake ligulidwe amadziwa kuti msika waukulu wa mabuku a Chichewa ndi sukulu, ndiye amaikiratu maphunziro awiriwo poonekera, kuti mwana asavutike kuwasaka. Lachinayi ndimakwiyira mlembi m'basi muja ngati ine ndilibemo.

Ndinati, "Iwe, pano si m'kalasi. Chakuliza n'chiyani?"

Anayang'ana pansi, kenaka n'kumasuka. Akuti aka n'koyamba kuwerenga buku lomwe munthu wake ndi mtsikana ngati iye, wokhala ndi azakhali, wopanda sopo, wochita manyazi ndi nsapato zake. Akuti pomwe mtsikanayo akuyesa diresi m'sitolo akudziwa kuti sagula, iye anatseka buku n'kutuluka panja. Za tsamba lomaliza anati ulendo wachiwiri sanaliwerenge, "poti zimene zija amanena kale kutchalitchi". Kenaka anandifunsa, mokwiya ndithu, kuti bwanji bambo wa galimoto uja palibe chinamuchitikira.

Ndinati akamufunse mlembi. Anati akanakhala iye akanalemba kuti mtsikanayo sanafe, anabereka, n'kumagulitsa mandasi pa depoti, ndipo tsiku lina bamboyo anaima ndi galimoto yake kudzagula osamuzindikira. Ndinamufunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani. Anati sakudziwa, mwina anangomupatsa chenji.

Ndamusiyira kabukuko, ndi kope limodzi lomwe ndinali ndisanalembemo.

Za ndege zija zinali zolumbira za munthu wodwala. Sitima yalira kuseri kwa chilumba, anthu ayamba kusenza matumba a usipa wouma, ndipo fungo lake tikhala nalo mpaka ku Monkey Bay.

Lachitatu, pamadzi

Nyanja yakhala bata ulendo wonse, ngati ikupepesa. Ndinagona bwino pamwamba paja, nyenyezi zili ngwee, mpaka phokoso la maboti pa Nkhotakota linandidzutsa. Ndinasuzumira pansi kuyang'ana chipewa cha ubweya, ngakhale ndimadziwa kuti achikulire aja anati akakhala mwezi wathunthu.

M'mawa uno ndabwerezanso masamba omaliza a Nthondo, pang'onopang'ono, ndikuyesa kuwamva ndi mawu a mphunzitsi wa ku Dowa uja, ana atakhala pansi, ena mwa iwo makolo awo atangoyamba kumene kalasi. Kwa ana amenewo mathero aja sanali ulaliki wochokera kunja, inali nkhani ya m'nyumba mwawo. Pamenepo achikulire aja anandiposa. Komabe ndikuonabe kuti Ntara anatseka chitseko msanga, ndipo Nthondo amene ndidzamukumbuke ndi wakuba uja, osati mfumu yopemphera.

Mapiri a Monkey Bay ayamba kuoneka, anthu akumanga katundu. Pali funso limodzi lomwe landibwerera mochedwa, ndipo ndikanalipeza Lachisanu lija ndikanawafunsa: bambo awo aja, atakhala mkulu wa mpingo, ng'oma za gule zikamalira usiku kudambwe, ankagona?